Mipikisano ya zithunzi za nyumba: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kuyesa mwayi

Ojambula ambiri kwathu kuno amadyera maukwati, zinkhoswe ndi zithunzi za ziphaso. Koma pali ena amene akadutsa pa tchalitchi chakale kapena pa chigayo chimene chinasiya kugwira ntchito amaima n'kutulutsa kamera popanda wowatuma. Tsamba lino ndi la anthu oterowo, makamaka amene akufuna kuti zithunzi zawo zikapikisane ndi za anzawo a m'maiko ena.

Kodi akati chithunzi cha nyumba pa mpikisano amatanthauza chiyani?

Amatanthauza chithunzi chimene mwininkhani wake ndi chinthu chomangidwa ndi manja a anthu. Chikhoza kukhala nyumba yogona, mzikiti, mlatho, masitepe, bwalo la mpira, thanki ya madzi, msika, kapena kachigawo chabe ka khoma pamene njerwa zakumana ndi mthunzi. Kunja ndi m'kati zonse zimaloledwa.

Ndipotu luso lojambula zithunzi linayambira pa nyumba. Chithunzi chakale kwambiri chimene chilipobe anachijambula Nicéphore Niépce ku France cha m'ma 1826, ndipo chimangoonetsa madenga ndi makoma a pakhomo pake, monga ankawaonera pawindo. Kamera ya nthawi imeneyo inkafuna maola ambirimbiri kuti ikole chithunzi. Munthu sakanatha kukhala chiimire nthawi yonseyo, koma khoma silitopa.

Mipikisano yodziwika ndi iti?

Wa Sony World Photography Awards ndiwo ndingakuuzeni kuti muyambire, chifukwa kulowa n'kwaulere. Uli ndi zigawo zingapo. Chigawo cha Open n'cha aliyense, ndipo mumapikisana ndi chithunzi chimodzichimodzi. M'menemo muli gulu la Architecture. Chigawo cha Professional chimafuna zithunzi zapakati pa 5 ndi 10 zokamba nkhani imodzi, ndipo gulu la nyumba limatchedwa Architecture & Design. Palinso cha ophunzira ndi cha achinyamata. Wopambana onse pa Professional amalandira madola 25,000, wa pa Open madola 5,000, ndipo zithunzi zosankhidwa amakazionetsa ku Somerset House mumzinda wa London.

Wina ndi Architectural Photography Awards, umene unayamba mu 2012 ku Britain ndi dzina la Arcaid. Uwu ndi wa nyumba zokhazokha, ndipo magulu ake akhala akuphatikiza kunja kwa nyumba, m'kati mwake, nyumba zikugwiritsidwa ntchito, ndi mmene nyumba yakhalira pamalo pake. Mumalipira kuti mulowe. International Photography Awards wa ku Los Angeles nawonso uli ndi gulu la nyumba, ndipo nawonso ndi wolipira.

Pali wina umene anthu amaupeputsa, Wiki Loves Monuments. Unayamba ku Netherlands mu 2010, umachitika m'mwezi wa Seputembala m'maiko ambiri, ndipo cholinga chake n'kusonkhanitsa zithunzi za nyumba ndi zipilala za mbiri yakale kuti zizigwira ntchito pa Wikipedia. Mu 2012 mokha unalandira zithunzi zoposa 350,000, ndipo unalowa m'buku la Guinness ngati mpikisano wa zithunzi waukulu kuposa yonse. Chaka ndi chaka maiko olowa nawo amasintha, choncho muziyamba mwaona ngati malo amene mwajambula ali pa mndandanda.

Kwathu kulibe nyumba zitalizitali ngati za ku Dubai. Ndingapambane ndi chiyani?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo yankho lake lili pa mndandanda wa amene anapambana kale. Taonani gulu la Architecture & Design la Sony. Mu 2021 anapambana Tomáš Vocelka wa ku Czech Republic, ndi zithunzi za malo owotchera mitembo ya ziweto, amene kale anali malo a asilikali. Mu 2023 anapambana Fan Li wa ku China ndi fakitale ya simenti yosiyidwa. Mu 2025 Ulana Switucha anapambana ndi zithunzi za zimbudzi za anthu onse mumzinda wa Tokyo. Inde, zimbudzi. Ku Architectural Photography Awards, mu 2016 mphoto yaikulu inapita kwa Matt Emmett chifukwa cha chithunzi cha chosungira madzi chapansi panthaka cha njerwa, chomangidwa mu 1868 ku Finsbury Park mu London, malo amene anthu amayenda pamwamba pake osadziwa kuti pansi pali kanthu.

Oweruza anatopa nazo nyumba zotchuka. Burj Khalifa, nyumba yaitali ya ku Dubai ija, amuona kambirimbiri, kuchokera mbali zonse. Chimene sanachione ndi chigafa cha fodya ku Kasungu dzuwa likulowa m'mipata ya udzu, kapena uvuni wa njerwa ukufuka usiku, kapena nkhokwe zitandandalikana kuseri kwa nyumba, kapena makonde a sitolo zakale za ku Limbe. Banja lina la ku Germany, Bernd ndi Hilla Becher, linatha zaka zoposa 40 likujambula mathanki a madzi, nkhokwe za tirigu ndi ng'anjo za zitsulo, chilichonse kuchiyang'ana chamaso, kumwamba kuli mitambo, kenako n'kuziika pamodzi m'mizere kuti munthu aone kufanana ndi kusiyana kwake. Anthu ankaona ngati ntchito yopanda mchere. Mu 1990 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice, ndipo mu 2004 ya Hasselblad.

Ngati mukufuna nyumba za mbiri, nazonso zilipo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene sanaphunzire zomangamanga, ndi amisiri a kuno amene anaumba njerwa zamitundumitundu pamalo pomwepo. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti nsanja zake ziwiri sizofanana. Pali Mandala House ya mu 1882, tchalitchi chachikulu cha St Peter pa chilumba cha Likoma chimene anayamba kumanga mu 1903, Stone House ku Livingstonia, ndi nyumba ya Reserve Bank ku Lilongwe imene imanka ikukula mukamakwera m'mwamba. Amene muli ku Harare muli ndi Eastgate Centre ya Mick Pearce, ya mu 1996, yopangidwa kuti iziziziritsa yokha potengera nzeru ya chulu cha chiswe. Ku Mozambique kuli siteshoni ya sitima ya ku Maputo ndi Grande Hotel ya ku Beira.

Ndiponso akatswiri akunja amabwera kudzajambula kwathu konkuno. Nyumba za chidikiro za amayi oyembekezera pa chipatala cha Kasungu, zimene anakonza mapulani ake a MASS Design Group ndipo zinatha mu 2015, anazijambula Iwan Baan wa ku Netherlands, mmodzi mwa ojambula nyumba odziwika kwambiri masiku ano, ndipo zithunzizo zinafika m'magazini a zomangamanga a maiko ambiri. Iye anachita kukwera ndege. Inu ndi minibasi imodzi.

Oweruza amayang'ana chiyani?

Poyamba muzikumbukira kuti pa gawo loyamba la kusankha amaona zithunzi masauzande, chilichonse kwa kanthawi kochepa kwambiri, kawirikawiri osadziwa dzina la mwini wake. Chithunzi chofuna kuti munthu achite kuchifufuza chimadutsidwa. Chimene chimaimitsa chala ndi chokhala ndi dongosolo looneka msanga: mzere umodzi wamphamvu, kuwala kochokera mbali imodzi, mtundu umodzi wolamulira.

Zikatsala zochepa m'pamene amakhala pansi n'kuyamba kuona zing'onozing'ono. Kodi makoma aima chilili? Kodi m'mphepete mwa chithunzi mwalowa zinthu zosafunika, monga theka la galimoto kapena waya wa magetsi wodula denga pakati? Kodi kumwamba kwapsa n'kuyera mbee mpaka mitambo yasowa? Ndiye pali funso lomaliza limene silimalembedwa m'malamulo: wojambulayu waonjezerapo chiyani? Kukongola kwa nyumba ndi ntchito ya amene analemba pulani ndi amisiri ake. Mukangoima kutsogolo n'kudina, mphotoyo ikanayenera kupita kwa iwowo. Chanu n'kusankha poima, ola lake, ndi chimene mwasiya kunja kwa chithunzi.

N'chifukwa chiyani nyumba zanga zimaoneka ngati zikugwa chagada?

Chifukwa mumapendeketsa kamera kuyang'ana m'mwamba kuti denga lilowe. Mukatero mizere yoimirira imayamba kuyandikirana kumtunda, monga njanji imaonekera kutali. Mankhwala ake n'kusunga kamera yowongoka, kumbuyo kwake kukhale kofanana ndi khoma. Bwererani m'mbuyo, kapena pezani pokwera, monga khonde la nyumba yoyang'anizana nayo, kuti mukhale cha pakati pa msinkhu wa nyumbayo. Pansi pakachuluka mudzadula pambuyo pake.

Akatswiri amagwiritsa ntchito lenzi yotchedwa tilt-shift, monga ya Canon ya 17mm kapena 24mm, imene galasi lake limasuntha kukwera m'mwamba kamera ili chiimire. Ndi yodula kwambiri. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom imawongola mizere, Snapseed ya pafoni imateronso kwaulere, Darktable ya pakompyuta chimodzimodzi. Kungoti powongola mbali za chithunzi zimadyeka, ndiye pojambula muzisiya malo m'mbalimo.

Kupendeketsa dala si mlandu. Mukaima patsinde pa nsanja n'kuyang'ana kumwamba kwenikweni, aliyense amaona kuti mwafuna. Choipa ndi kupendekeka pang'ono, kumene kumangooneka ngati dzanja linanjenjemera.

Kodi ndikufunika kamera yodula?

Ayi. Chofunika kwambiri ndi choikapo kamera cha miyendo itatu chija, chifukwa nyumba siithawa ndipo mukhoza kupatsa kamera masekondi angapo kuti imwe kuwala. Ikani ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, pa 100, kabowo ka lenzi pa f/8 kapena f/11, ndipo mugwiritse ntchito taimala kuti chala chisagwedeze kamera. Jambulani mu RAW, fayilo yosakonzedwa yosunga zonse zimene kamera yakola, ngati kamera kapena foni yanu ikulola. Mipikisano yambiri safunsa n'komwe kuti mwajambula ndi chiyani, ndipo ina ili ndi gulu la mafoni okhaokha. Pa foni chenjerani ndi lenzi yotambalala kwambiri ija, imapinda makoma a m'mbali ngati uta.

Nthawi yabwino yojambula ndi iti?

Mabuku ambiri ophunzitsa kujambula analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene dzuwa limayenda cham'munsi ndipo chisisira chimakhalitsa. Kuno zinthu sizili choncho. Masana dzuwa limafika paliwombo penipeni. Ku Lilongwe limadutsa pamwamba ndendende chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Pa ola limenelo denga la malata limanyezimira mpaka kupweteka maso, pamene khonde ndi mawindo zili bii. Kamera siingathe kukola zonse ziwiri. M'mawa kwambiri ndi chakumadzulo ndi pamene kuwala kumabwera cham'mbali n'kudzutsa njerwa iliyonse payokha.

Muzidziwa kumene khoma lanu layang'ana. Kuyambira chakumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala dzuwa limadzera kumpoto, moti khoma loyang'ana kummwera silimaona dzuwa n'komwe miyezi yonseyo. Mu Disembala zimatembenuka. Munthu akhoza kupita kasanu pa tchalitchi chimodzi m'mwezi wa Juni n'kumadabwa kuti khomo lake lili mumdima nthawi zonse, pamene chofunika n'kudikira nyengo ina. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzuwa likangolowa pamakhala kanthawi kamene kumwamba kumakhala kobiriwira modera, magetsi a m'nyumba atayatsidwa, ndipo kuwala kwa kunja ndi kwa m'kati kumalingana. Zithunzi zambiri zopambana zimajambulidwa pamenepo. Kwathu nthawi imeneyi siikwana mphindi 30, ndiye muzifika dzuwa likanalipo, mupeze poima, mukonze zonse. Ndipo mupemphere kuti magetsi asazime.

Nyengo nazo zili ndi makhalidwe ake. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimaphimba mapiri ndipo kumwamba kumatuwa. Mvula yoyamba ikagwa mpweya umayera, mitambo imaunjikana, ndipo zithaphwi zimakupatsani galasi laulere. Ine nyengo imene ndimaikonda ndi ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Ambiri amasunga kamera m'chikwama poti kunja kwaipa, chonsecho ndiko kuwala kofewa kopanda mithunzi kumene a Becher aja ankachita kukudikira.

Anthu azioneka m'chithunzi kapena ayi?

Kale ojambula nyumba ankathamangitsa anthu. Masiku ano munthu mmodzi woima pamalo oyenera amaonetsa kukula kwa nyumba ndi ntchito yake. Chithunzi chotchuka cha Julius Shulman cha mu 1960, cha nyumba ya magalasi yolendewera paphiri pamwamba pa Los Angeles usiku, chimakumbukika chifukwa cha atsikana awiri ovala zoyera amene akhala m'katimo akucheza. Muwachotse, patsala zitsulo ndi magalasi. Iwan Baan anatchuka chifukwa cholola moyo kulowa m'zithunzi zake. Zithunzi zake za Torre David, nyumba yosanja yosatha kumangidwa ku Caracas imene mabanja osauka analowamo n'kukhazikika, zinali m'chionetsero chimene chinalandira Golden Lion ku Venice mu 2012.

Koma munthuyo asalande nkhani. Akayang'ana kamera n'kumwetulira, chasanduka chithunzi cha munthu. Ngati nkhope ikuzindikirika mupempheni, ndipo ngati ndi mwana pemphani makolo. Pa chipatala, pa maliro kapena m'nyumba yopemphereramo ulemu uzitsogola.

Ndingakonze chithunzi pa kompyuta mpaka pati?

Zimatengera mpikisano, ndipo malamulo ake muziwawerenga mpaka kumapeto ngakhale ndi otopetsa. Kuwongola mizere, kudula m'mbali, kuwalitsa kapena kudetsa, kusandutsa chakuda ndi choyera, izi pafupifupi kulikonse n'zololedwa. Kuchotsa waya kapena kusintha mitambo, ena amalola ena amakana. Magulu a zaluso amamasuka kwambiri: Domagoj Burilović wa ku Croatia anapambana Architecture & Design ya Sony mu 2022 ndi zithunzi zophatikiza dala nyumba zakale za kumudzi ndi nkhalango, ndipo sanabise. Nkhani yagona pa kubisapo.

Mu 2016 kampani ya Nikon ku Singapore inapereka mphoto kwa chithunzi cha makwerero achitsulo, ndege ikudutsa ndendende pakabowo ka pamwamba. Sipanapite nthawi anthu pa Facebook anawalitsa chithunzicho n'kuona kabokosi koyera kozungulira ndegeyo: inachita kumatidwa. Kampani ndi wojambula onse anapepesa. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana gulu la Creative pa Open ya Sony ndi chithunzi chopangidwa ndi AI, nzeru za kompyuta zopanga zinthu pazokha, kenako anakana mphotoyo poyera, ponena kuti chinthu chotero si chithunzi chojambulidwa. Kuchokera pamenepo okonza mipikisano akhwimitsa. Mukafika kumapeto akhoza kukupemphani fayilo yoyambirira ya m'kamera, ndiye musamaifufute, ndipo musamadalire kope lodutsa pa WhatsApp, chifukwa limakhala litafinyidwa ndipo zambiri za kamera zitachotsedwa.

Kodi ndiyenera kupempha chilolezo ndisanajambule nyumba ya eni?

Mukalowa kumpanda kapena m'kati, inde, nthawi zonse. Mukaima pamsewu nthawi zambiri palibe vuto, koma malo a asilikali, nyumba za mtsogoleri wa dziko, mabwalo a ndege ndi malo ena otetezedwa ndi lamulo muwapewe pokhapokha muli ndi kalata. Pa mabanki napo alonda sachedwa kukufikirani.

Alonda amenewa musawaone ngati adani. Ine ndinataya madzulo abwino tsiku lina pa nyumba ina ya maofesi chifukwa ndinayamba kuimika miyendo ya kamera ndisanapereke moni. Pamene tinkamaliza kufotokozerana, kuwala kunali kutapita. Ulendo wachiwiri ndinayambira pa geti: "Mwaswera bwanji achikulire, ndimafuna ndijambuleko nyumbayi, ndingaonane ndi ndani?" Bambo omwewo ndi amene anandiuza kuti kuseri kuli masitepe okongola kuposa kutsogolo. Kumudzi muyambire kwa mwini khomo, ndipo ngati mukhalitsa, kwa amfumu. Mukadzatsukitsa chithunzi chimodzi n'kukawapatsa, khomo limenelo lidzakhala lotsegula mpaka kale.

Drone ili ndi malamulo akeake a oyang'anira za ndege m'dziko lililonse. Kunja kulinso maiko amene nyumba yeniyeniyo ili ndi umwini wa luso. Nsanja ya Eiffel ku Paris mukhoza kuijambula masana mmene mungafunire, koma kampani yoiyang'anira imati magetsi ake a usiku ndi otetezedwa, ndipo wofuna kuchita malonda ndi chithunzi chotero apemphe kaye.

Ndikatumiza chithunzi, chimakhalabe changa?

Pa mpikisano wabwino, inde. Mumangowalola kuchigwiritsa ntchito polengeza mpikisanowo, m'chionetsero ndi m'buku lake, kwa zaka zowerengeka, dzina lanu lili pomwepo. Mukaona mawu onena kuti aliyense wolowa, wopambana ndi wolephera yemwe, wapereka chithunzi chake kwamuyaya kuti achite nacho chilichonse ngakhale kugulitsa, dziwani kuti akusonkhanitsa zithunzi zaulere. Wiki Loves Monuments ndi wosiyana ndipo sabisa: mumavomera kuti aliyense padziko agwiritse ntchito chithunzi chanu, ngakhale pa malonda, bola atchule dzina lanu. Ngati munajambula nyumbayo pa ganyu ya kampani yomanga, onani zimene munagwirizana musanatumize. Ku Malawi za umwini wa luso zili m'lamulo la Copyright Act la mu 2016, ndipo a COSOMA ndiwo amayang'anira.

Ndalandira imelo yoti chithunzi changa chapeza honourable mention. Kodi ndapambana?

Mwina. Tiyeni tisiyanitse mawuwa. Winner ndi wopambana, pa gulu kapena pa mpikisano wonse. Finalist ndi shortlist ndi kagulu kochepa kamene kanafika kumapeto, ndipo pa mpikisano waukulu ngati wa Sony kufika pamenepo ndi chinthu chonyaditsa zedi. Honourable mention, commended ndi nominee ndi mawu oyamikira, ndipo kulemera kwake kumatengera kuti apatsidwa anthu angati. Pitani pa tsamba lawo mukawerenge. Ngati pa gulu lanu lokha pali mayina mazanamazana, satifiketi imeneyo ili ngati ya kusukulu ya mkaka, yoti mwana aliyense apite nayo kunyumba.

Pali mipikisano imene ndi malonda basi. Mumalipira madola pa chithunzi chilichonse, magulu alipo ambirimbiri kuti pafupifupi aliyense apeze kenakake, ndipo mukati mwapambana amakuuzani kuti mugule chikho, mugule buku, mulipirenso kuti chithunzi chikapachikidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire funsani: oweruza atchulidwa mayina, ndipo ndi anthu odziwika pa ntchitoyi? Opambana a chaka chatha alipo, ndipo zithunzi zawo n'zogwira mtima? Chionetsero chimachitikira pamalo enieni? Ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, ndi makadi a kubanki amene amakana kulipira pa intaneti, si nzeru kutaya madola pa pepala lokongola.

Ngati mpikisano ndi weniweni, lengezani mosangalala, koma nenani zoona. Munthu amene anafika pa shortlist n'kumalemba kuti anapambana, anzake a ntchito amadziwa, ndipo mndandanda uli poyera.

Chabwino n'chiti, chithunzi chimodzi kapena gulu la zithunzi?

Chimodzi chimafuna mwayi pang'ono. Gulu limaulula ngati munthu ali ndi diso. Chitsanzo chili pafupi, ku Johannesburg. Ponte City ndi nyumba yozungulira ya nsanjika 54, yobowoka pakati, yomalizidwa mu 1975 kufupi ndi Hillbrow, kumene alendo ochokera m'maiko ambiri a mu Africa akhala akupeza pogona. Mikhael Subotzky ndi Patrick Waterhouse anayamba kuijambula mu 2008 ndipo anakhala nayo zaka pafupifupi 6. Anagogoda pa makomo, najambula zitseko, mawindo ndi ma TV a m'nyumbamo mwadongosolo, nsanjika ndi nsanjika, natolanso mapepala ndi zithunzi zimene osamuka anasiya. Mu 2015 ntchitoyo inalandira mphoto ya Deutsche Börse ku London. Nyumba imodzi yokha.

Pa gulu, chithunzi chofooka chimodzi chimagwetsa zinzake. Akati 5 mpaka 10 ndipo zamphamvu muli nazo 6, tumizani 6.

Ndisankhe bwanji chotumiza?

Musasankhe nokha, ndiponso musasankhe tsiku lomwe mwajambula. Wojambula amakonda chithunzi chimene anachivutikira, chimene anadzukira mbandakucha kapena kukwera nacho phiri, koma woweruza thukuta limenelo saliona. Tsukitsani zithunzi 20 zazing'ono, muziyale pamphasa, muitane mnzanu wosaopa kukukhumudwitsani. Ma like a pa Facebook asakunamizeni. Achibale amakonda inuyo, osati chithunzicho.

Nanga mawu ofotokoza chithunzi?

Akhale achidule ndi oona: dzina la nyumba, malo, chaka chimene inamangidwa ndi amene analemba pulani ngati zikudziwika, kenako chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena chimene munaona. Woweruza wa ku London sadziwa chigafa, ndiye muuzeni kuti muli fodya ndipo n'chifukwa chiyani mbali zake zili zotsegula. Ndakatulo zisiyeni. Chingerezi chikakuvutani pezani wokuwerengerani. Onaninso kukula kwa fayilo kumene akufuna, isungeni ngati JPEG ya sRGB (dongosolo la mitundu), musaikepo dzina lanu pa chithunzi, ndipo musadikire tsiku lomaliza, chifukwa ndilo tsiku limene netiweki imasankha kuvuta. Ola lotsekera limakhala la kwawo, osati lathu.

Alipo wa kuno kumwera kwa Africa amene anapambanapo?

Alipo. Tamary Kudita wa ku Zimbabwe anakhala Open Photographer of the Year wa Sony mu 2021, ngakhale chithunzi chake chinali cha munthu, osati nyumba. David Goldblatt wa ku South Africa, amene anatha zaka zambiri akujambula matchalitchi, nyumba ndi zipilala pofuna kuonetsa mmene tsankho linadzilembera m'makoma, analandira mphoto ya Hasselblad mu 2006. Sukulu imene anayambitsa ku Johannesburg mu 1989, Market Photo Workshop, yaphunzitsa ojambula ambiri a m'chigawo chino. Muziyang'ananso zochitika za mu Africa momwemuno, monga chionetsero cha ku Bamako chimene chinayamba mu 1994, LagosPhoto ndi Addis Foto Fest.

Ndikapambana, ndalama zibwera?

Mphoto ya ndalama imapita kwa anthu ochepa kwambiri. Ambiri amapeza dzina pa tsamba la mpikisano, chithunzi m'nyuzipepala zakunja, mwina kamera. Phindu lenileni limabwera mukachita nazo kanthu. Olemba mapulani, makampani omanga, mahotela ndi malo ogona alendo kunyanja, mabungwe omanga sukulu ndi zipatala, onsewa amafuna zithunzi zabwino za nyumba zawo, ndipo ambiri amangotuma wa muofesi kuti ajambule ndi foni. Kalata yonena kuti chithunzi chanu chinasankhidwa ku London, pamodzi ndi zithunzi 10 zooneka bwino, imatsegula chitseko chimene chikanakhala chotseka. Akakuitanani ku mwambo wopereka mphoto, funsani msanga kuti tikiti ndi malo ogona alipira ndani, ndipo yambani za viza tsiku lomwelo.

Ndatumiza zaka zitatu osamva kanthu. Ndisiye?

Sony imalandira zithunzi mazana a masauzande chaka chilichonse, ndipo oweruza amasintha, choncho chithunzi chokanidwa chaka chino chikhoza kusankhidwa kwina. Koma zaka zitatu n'zokwanira kudzifunsa moona mtima. Tsegulani shortlist ya gulu lanu, muike chithunzi chanu pambali pa zimenezo pa sikirini imodzi, muone pamene chikuperewera. Kawirikawiri vuto limapezeka kuti munapita pa nyumbayo kamodzi kokha, masana, mukudutsa ulendo wina. Sankhani nyumba imodzi imene mungafikeko wapansi kuchokera kwanu, mudziwane ndi mlonda wake, muipitire mu Juni chifunga chili tolo, mubwerereko mu Okutobala, mukaionenso mu Disembala dzuwa litatembenukira ku khoma la kummwera.